Madzi a M'sinki Apite Kuti? Mafunso ndi Mayankho pa Kaikidwe ka Paipi Yotayira Madzi

Mpopi ukafika pakhomo, chotsatira chimene banja limalakalaka ndi sinki kukhitchini, kuti ntchito yotsuka mbale chowerama pabwalo ithe. Maso onse amakhala pa madzi olowa: mpopi ukhale wonyezimira, madzi azituluka mwamphamvu. Za madzi otayidwa timazikumbuka mochedwa, mwina sinki itakhazikidwa kale, matailosi atamatidwa. Chonsecho kovuta n'komweko. Madzi olowa ali ndi chowakankha, kaya ndi pampu ya a Water Board kaya thanki ya pamwamba. Madzi otayidwa alibe. Amayenda okha potsata kutsetsereka kwa paipi, atasenza mafuta, sopo, ufa ndi mchenga, ndipo pamene njira yawo yalakwika amaima pomwepo mpaka nyumba yonse imve fungo.

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene eni nyumba, okhala m'nyumba za lendi ndiponso achinyamata ophunzira ntchito ya mapaipi amafunsa kawirikawiri.

Ndagula sinki. Ndiyambire pati?

Sinkiyo ibakhala m'katoni mwake, inu tulukani panja. Choyamba kudziwa n'chakuti madziwo akathera kuti. M'madera ena a mizinda ya Blantyre, Lilongwe ndi Zomba muli mapaipi akuluakulu a sewer, ndipo nyumba za kumeneko zimalumikizidwa ku manhole yapafupi. Nyumba zambiri zilibe mwayi umenewo. Zina zili ndi septic tank ndi soakaway yake, zina zili ndi chimbudzi chokumba basi, kotero madzi a m'sinki afunika kuwakonzera dzenje lawolawo. Mukadziwa kothera madzi, imani pamenepo n'kuyang'ana kunyumba. Kodi malowo ali m'munsi mwa sinki? Paipi idzadutsa pati, ndipo idzakhota kangati? Njira yabwino ndi yaifupi, yowongoka, yotsika kuyambira pa sinki mpaka kumapeto.

N'chifukwa chake sinki imakhala bwino ikatsamira khoma lakunja, makamaka pansi pa zenera. Paipi imangodutsa khoma n'kutsikira panja mu gully, kadzenje komangidwa kolandira madzi otayidwa. Ngati nyumba ikumangidwa kumene ndipo mukufuna sinki pa khoma lam'kati, paipi yake iyalidwe asanathire konkire ya pansi. Kuswa simenti nyumba itatha ndi ntchito yopweteketsa mtima ndi thumba lomwe.

Anzanga anangoboola khoma, madzi amagwera pansi panja. Kodi pali vuto?

Lilipo, ndipo limakula mwakachetechete. Masabata oyamba nthaka imamwa madzi onse. Kenako mafuta ndi sopo zimamata dothi, madzi amaleka kulowa, pamakhala chithaphwi chakuda chosauma ngakhale mu Okutobala. Ntchentche zimachoka pamenepo kupita pa mbale, udzudzu umaswana, nkhuku zimafukula, mwana wokwawa amaviikamo manja. Amene anaona mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu opitirira 1,700 m'Malawi, sangakonde madzi oipa ongoyenderera pamene ana amasewera.

Khoma nalo limavutika. Madzi ogwera tsiku ndi tsiku m'tsinde mwake amalowa m'maziko, pulasitala amafufuma, penti imasupuka, chiswe chimapeza chinyezi chimene chimafuna. Nyumba ya zidina kapena ya njerwa zomangira dothi ndiye sichedwa: khoma limafewa kunsi, dzinja likafika n'kung'aluka. M'malokeshoni mmene mapuloti ndi othinana, madzi anuwo amakathera pakhomo pa mnansi, mlandu wake mpaka kwa amfumu.

Paipi yake ikhale yaikulu bwanji?

Sinki ya kukhitchini imafuna paipi ya PVC ya mamilimita 40. Beseni losambira m'manja limatha ndi ya mamilimita 32, ngakhale kuti kuikapo ya 40 sikulakwa. Ngati mtunda ndi wautali, kapena paipi imodzi ikulandira madzi a sinki ndi a makina ochapira, tengani ya mamilimita 50. Yoyenda pansi pa nthaka kuchoka pa gully kupita ku manhole imakhala ya mamilimita 110.

Zinthu ziwiri musazilole. Choyamba ndi paipi ya mawaya a magetsi kapena paipi yakuda yothirira dimba; ndi zopapatiza, ndipo nsenga za mbale za mwezi umodzi zimakwana kuzitseka. Chachiwiri ndi kuchepetsa paipi kutsogolo. Ikhoza kuyamba 40 n'kudzalowa mu 50, koma ikayamba 50 n'kudzalowa mu 40, zinyalala zonse zimaunjikana polumikizapo.

Popita ku hardware nyamulani trap yanu, kapaipi kopindika ka pansi pa sinki, m'manja mukayese komweko, chifukwa mapaipi a makampani osiyana amasiyana pang'ono ngakhale alembedwe saizi imodzi. Finyani paipiyo ndi zala. Ikangophwanyika msanga ndiye kuti ndi yopyapyala, sikhalitsa padzuwa. Yang'ananinso ngati ili ndi chizindikiro cha MBS kapena SABS.

Kodi trap ndi chiyani, ndipo n'zoona kuti sinki singakhale popanda iyo?

Mukasuzumira pansi pa sinki iliyonse yoikidwa bwino mupeza kapaipi kopindika kotsika pansi n'kukweranso. Ameneyo ndiye trap. Madzi akamaliza kudutsa, ena amatsalira popindikapo, ozama mamilimita 50 mpaka 75, ndipo amatseka njira yonse. Madzi otsalawo ndiwo mlonda wa khitchini yanu. Mpweya wonunkha wa mu septic tank kapena mu sewer ukakwera m'paipi umabwerera pamenepo, ndipo mphemvu zoyenda m'mapaipi usiku sizipeza njira yapafupi. Mpweya umenewu suli wonunkha chabe ayi. Muli methane, amene amayaka, ndi hydrogen sulphide wa fungo la dzira lowola, amene akachuluka amadwalitsa. Nzeru yotsekera fungo ndi madziyi ndi yakale ndithu. Alexander Cumming, mmisiri wokonza mawotchi ku London, anailembetsa m'chaka cha 1775 pa chimbudzi chamadzi, ndipo mpaka lero ikugwirabe ntchito.

Ena amati, "Yanga ikugwera mu gully panja, ndipo gully ili ndi trap yake, ndiye ina ya chiyani?" Ikaniponi. M'kati mwa paipi yeniyeniyo mumamata mafuta amene amawola, ndipo mphepo yakunja ikawomba imakankhira fungo lonse m'khitchini.

M'masitolo mupeza mitundu ingapo. P-trap imatulukira cham'mbali kulowa m'khoma, ndipo ndiyo yoyenera kukhitchini. S-trap imatulukira pansi. Vuto lake ndi lakuti madzi ambiri akatsika mwaliwiro amakoka ndi aja oyenera kutsala, trap n'kukhala youma. Bottle trap ndi yooneka bwino ndiponso yosadya malo, koma njira yake yam'kati ndi yothina, kotero imayenera beseni la kubafa kumene kulibe zakudya. Palinso trap yakuda ya mphira yomanga ndi tizitsulo tozungulira: imathandiza pamene sinki ndi bowo la khoma sizinayang'anane bwino, koma imafumbwa pakapita zaka ndipo makoswe amaitafuna. Imene sindingakulimbikitseni n'komwe ndi ija yamakwinya yokoka ndi kupinda mmene mufunira. Imaikika msanga, zoona, koma khwinya lililonse ndi nkhokwe ya mafuta.

Trap ikhale imodzi pa sinki imodzi. Ziwiri zotsatizana zimatsekera mpweya pakati pawo, madzi n'kumayenda monyinyirika.

Paipi itsetsereke motani?

Pa mafunso onse a m'kabuku kano, ili ndilo lofunika kulimvetsa bwino, chifukwa kutsetsereka kukalakwika palibe guluu kapena mankhwala amene angakonze. Muyeso wosavuta kukumbuka ndi wakuti pa mita iliyonse imene paipi yayenda, itsike masentimita 2.5. Paipi ya mamita 2 itsike masentimita 5, ya mamita 3 itsike masentimita 7.5. Amisiri amati 1 pa 40. Malamulo a zomangamanga a ku England amalola pakati pa mamilimita 18 ndi 90 pa mita, choncho mpata wosinthira ulipo, koma musatuluke m'malire amenewo.

Paipi yogona chathyathyathya imayendetsa madzi pang'onopang'ono, nsenga zimadikha, mafuta amazizira asanatuluke n'kuundana. Yotsetsereka kwambiri pa mtunda wautali imadzaza madzi othamanga amene amayamwa trap. Choipitsitsa ndi paipi yolendewera pakati chifukwa chosowa zoigwira. Kumaso imaoneka yotsika, koma pamimba pakepo madzi sachoka, ndipo kutsekeka kumayambira pomwepo nthawi zonse.

Diso lokha limanama, gwiritsani ntchito levulo. Ngati levulo yanu ndi ya mita imodzi, dulani kamtengo kokhuthala masentimita 2.5 n'kukamangirira ndi tepi kunsi kwa nsonga imodzi. Ikani levuloyo pa paipi, kamtengoko kali mbali yotsika. Kathovu kakaima pakati, ndiye kuti mwapeza. Pa mtunda wautali kapaipi koonekera kothira madzi, kamene omanga nyumba amayezera maziko, kamagwira ntchito yomweyo: lembani mizere iwiri yofanana kukwera pakhoma, kenako kumapetoko yezani chotsika masentimita ofunikawo, mumange chingwe, paipi itsate chingwecho.

Utali nawo uli ndi malire ngati paipi ilibe popumira mpweya. Malamulo omwe aja amati ya mamilimita 32 isapitirire mamita 1.7, ya 40 isapitirire mamita 3, ya 50 isapitirire mamita 4. Njira yanu ikatalika kuposa pamenepo, kulitsani paipi kapena muike popumira.

Ndikonze zida zanji?

Tepi yoyezera, pensulo, levulo, sowo yodulira zitsulo, sandipepa kapena fayilo, hamala ndi tchizulo, sipanala yosintha kukamwa, ndowa ndi nsanza. Zogula ndi sefa ya pabowo la sinki ndi timphira take, trap, paipi, mabendi, zogwirira paipi kukhoma ndi masikuluu ake, guluu wa PVC, silikoni, ndi simenti pang'ono yotsekera bowo. Pogula mabendi, ina ikhale ya chitsekero chomasula. Pokhota, mabendi awiri a madigiri 45 amayendetsa madzi bwino kuposa imodzi yokhota mwadzidzidzi ya madigiri 90.

Nanga ntchito yeniyeniyo imayenda bwanji?

Yambani ndi sefa. Pukutani bowo la sinki liume, pakani silikoni wochepa kuzungulira kunsi kwa mlomo wa sefa, muikhazike. Kunsi kwa sinki kupite kamphira kokhuthala, kenako nati kapena sikuluu yapakati. Limbitsani mpaka silikoni atuluke pang'ono m'mbali, mupukute wotsalayo ndi chala. Ngati sinki ili ndi kabowo kam'mbali kotulutsa madzi ikadzaza, lumikizani kapaipi kake nthawi yomweyi, kusanathine.

Mangani trap ku sefa ndi manja okha, musalimbitse. Tsopano mukuona pamene kamwa ya trap yaloza, ndipo bowo la khoma liyenera kukhala m'munsi pang'ono mwa pamenepo. Apa ndi pamene ambiri amagwa: amaboola khoma sinki isanafike, kenako n'kupeza kuti sinki yake ndi yozama ndipo bowo lili pamwamba pa trap. Madzi sakwera phiri. Bowo likakhala pamwamba, m'paipi mumatsala madzi mpaka kalekale.

Musanamenye tchizulo onani ngati pali soketi ya magetsi pamwamba kapena pambali pa malowo, chifukwa mawaya amayenda m'khoma chowongoka kuchoka pa soketi. Zimitsani magetsi a chipindacho. Dziwaninso pamene padutsa paipi ya madzi a mpopi, ndipo musaboole mzati wa konkire kapena lintala. Bowo likhale lokulirapo pang'ono kuposa paipi, lotsikira kunja. Kuboola mbali zonse ziwiri n'kukakumana pakati kumateteza pulasitala kuti asagumuke dera lalikulu.

Dulani paipi mowongoka. Kukulunga pepala mozungulira paipi mpaka m'mphepete mwake mukumane kumakupatsani mzere wabwino woti sowo itsate. Mukadula, palani tizinyenyeswa tonse m'kati ndi kunja. Kanyenyeswa kamodzi kotsala m'kati kamakola ulusi ndi tsitsi, ulusiwo n'kukola zina zonse. Kunja kwa nsonga kuseteni pang'ono kuti ilowe bwino.

Lumikizani zonse popanda guluu kaye, kuyambira pa trap mpaka pa gully, muyeze kutsetsereka. Zikakhala bwino jambulani mzere wa pensulo wodutsa pa paipi ndi pa bendi iliyonse, kuti pomata mudziwe mbali imene bendi iyenera kuloza. Kumbukirani kuti paipi youma siifika kumapeto kwa soketi ya bendi, koma ikapakidwa guluu imalowa yonse, choncho poyeza utali werengerani kuzama konse kwa soketi.

Pomata, pukutani fumbi ndi mafuta, pakani guluu m'kati mwa soketi ndi kunja kwa paipi, lowetsani msanga mukupotoza pang'ono mpaka mizere yanu ikumane, gwirani chomwecho kwa theka la mphindi. Guluu ameneyu amasungunula khungu la pulasitiki mbali zonse ziwiri kuti zikhale chinthu chimodzi. Akagwira, wagwira, chotsala ndi kudula. Ndi woyaka msanga ndiponso mpweya wake umazunguza mutu, choncho tsegulani mazenera, mbaula ndi ndudu zikhale kutali. Nthawi yodikira musanathire madzi yalembedwa pachitini, itsateni.

Kenako mangani zogwirira: pa paipi yogona ya mamilimita 40, chimodzi pa theka la mita lililonse; pa yoimirira, pa mamita 1.2. Panja, pamene paipi yatuluka m'khoma n'kukhotera pansi, ndi pamene pakhale bendi ya chitsekero ija. Bowo la khoma litsekedwe komaliza, mukatha kuyesa ndi madzi, ndipo litsekedwe mbali zonse kuti makoswe ndi nyerere zisapeze khomo. Gawo la paipi lokhala padzuwa lipakeni penti ya madzi yoyera, chifukwa dzuwa limaumitsa PVC mpaka kumasweka ikangogundidwa ndi tsache.

Bwanji osamata ndi trap yomwe kuti isadzadonthe?

Chifukwa tsiku lina mudzafuna kuimasula. Mphete, supuni yaing'ono, mafupa a nsomba, zonse zimagona mu trap. Polumikizira pake pamagwira ndi kamphira ndi nati. Lowetsani nati ku paipi poyamba, kenako kamphira, mbali yake yosongoka italoza ku trap. Limbitsani ndi manja mpaka pamene manja athera. Sipanala ikalowererapo mwamphamvu imang'amba nati kapena kupotoza kamphira, ndipo kudontha kumayamba tsiku lomwelo. Pakadontha, masulani muone ngati kamphira kakhala bwino. Kukulungapo mphira ya chubu cha njinga kumangobisa vuto pamene kabati ikuwola pansi.

Amisiri ena amawotcha paipi pamoto kuti ipindike kapena kuti ina ilowe mu inzake. Kodi si njira yopulumutsa ndalama?

Imapulumutsa mtengo wa bendi imodzi lero, n'kudzadya mtengo wa ntchito yonse mawa. Paipi yowotcha imapyapyala kunja kwa popindapo, m'kati imachita makwinya, ndipo njira ya madzi imachepa. Pamene yapsa imakhala yosachedwa kusweka. Soketi yopanga ndi moto siizungulira bwino, kotero guluu sagwira mbali zonse. Utsi wa PVC yopsa nawonso ndi woipa m'mapapo. Ndimamva chisoni ndikaona nyumba ya matailosi okongola, sinki yodula, koma kuseri paipi yakuda ndi mwaye, yopindidwa pa moto wa mapepala a simenti. Mwini nyumba ali ndi ufulu wonse wokana ntchito yotere.

Paipi yatuluka panja. Kenako?

Igwere mu gully. Kamwa yake ilowe kunsi kwa kachitsulo ka mabowo ka pamwamba kuti madzi asamwazike, koma ikhale pamwamba pa madzi okhala mu gully. M'mphepete mwa gully mumangidwe mokwera pang'ono kuposa nthaka, kuti madzi a mvula ndi mchenga wa pabwalo zisalowemo. Madzi a padenga asalowe mu septic tank; mvula imodzi yamphamvu imatha kuidzaza n'kukankhira zonyansa ku soakaway. Ubwino wina wa gully ndi wakuti mapaipi a pansi akatsekeka, madzi amasefukira panja pamene mukuwaona, osati m'khitchini.

Ngati mulibe septic tank, madzi a m'sinki musawalozetse m'chimbudzi chokumba. Chimadzaza msanga, fungo limakula, makoma a dzenje amafewa n'kugumuka. Kumbani soakaway. Yesani dothi poyamba: kumbani kadzenje ka masentimita 30, thiranimo madzi, muone. Pa mchenga ndi pa katondo amalowa m'maola ochepa. Pa makande mawa lake mudzawapeza ali momwemo, ndipo pamalo otere ngalande yaitali yosazama yodzaza miyala imathandiza kuposa dzenje lakuya. Pa dothi lomwa bwino, dzenje la mita imodzi mulitali ndi mulifupi, lozama mita ndi theka, limakwanira sinki ya banja limodzi. Dzazanimo miyala kapena zidutswa za njerwa zootcha, zikuluzikulu pansi, paipi ilowe cha pamwamba, muvindikire ndi silabu kapena pulasitiki yolimba musanakwirire, kuti dothi lisagwere m'mipata ya miyala.

Dzenjelo litalikire nyumba mamita 5, ndipo litalikire chitsime kapena mjigo mamita 30 kapena kuposa, lili kumunsi kwake. Kumadera kumene madzi a pansi ali pafupi, monga m'madambo ndi m'mbali mwa nyanja, pansi pa dzenje pakhale mamita 1.5 pamwamba pa madziwo. Amene amalozetsa madzi a m'sinki ku phata la nthochi sakulakwa, bola akhale ochepa mafuta ndipo asadikhe. Pa ndiwo zamasamba zodya zosaphika, monga letesi, asafikepo.

Chimene chimapha soakaway ndi mafuta. Pakhomo pamene amakazinga tchipisi kapena mandasi a malonda, kapena pa lesitilanti, pakati pa sinki ndi dzenje pafunika kabokosi kogwira mafuta. Madzi amadikhamo, mafuta amayandama, potulukira pali pansi pa mafutawo, ndipo munthu amawayengula ndi chitini sabata iliyonse.

Ndidziwa bwanji kuti ntchito yatheka?

Tsekani sinki, idzazeni mpaka pafupi kusefukira, yalani nyuzipepala youma pansi pa trap, tsegulani madzi onse atuluke nthawi imodzi. Wina aime panja pa gully. Madzi atsike mozungulira mwamphamvu, osaimaima. Sisitani polumikizira paliponse ndi kapepala kofewa kouma. Dontho limene diso silinaone, pepala limaulula. Bwerezani ndi madzi ofunda, chifukwa pulasitiki ikafunda imasuntha pang'ono. Pomaliza unikani ndi tochi m'bowo la sinki: muyenera kuona madzi atadikha mu trap.

Sinki yanga imalira kuti gudugudu madzi akamatha, ndipo nthawi zina imanunkha. Chavuta n'chiyani?

Kulirako ndi mpweya umene ukudutsa mu trap mokakamiza. Madzi othamanga m'paipi amasiya malo opanda mpweya kumbuyo kwawo, ndipo ngati palibe kwina kolowera, mpweya umayamwidwa kudzera m'sinki, n'kutenga madzi a mu trap. Zimachitika paipi ikatalika, ikatsetsereka kwambiri, ikayamba kutsekeka, kapena ngati trap yake ndi S-trap. Yambani mwatsuka paipi. Kulira kukapitirira, ikani kavalavu kolowetsa mpweya, kamene m'masitolo amati air admittance valve, kutsogolo kwa trap, kataimirira, pamalo pofika mpweya. Njira ina ndi paipi yopumira yokwera mpaka kupitirira denga.

Fungo la nyumba imene inatsekedwa milungu ingapo nthawi yotentha ndi nkhani ina: madzi a mu trap angophwa. Tsegulani mpopi kwa mphindi imodzi, latha.

Nanga chimatseka paipi ya khitchini n'chiyani makamaka?

M'makhitchini mwathu adani ndi atatu. Woyamba ndi mphika wa nsima. Timauviika kuti makoko afewe, kenako n'kukhuthulira zonse m'sinki. Ufa wophika umamata, ndipo ukakumana ndi mafuta m'paipi umauma n'kukhala chibuma. Madzi a mumphikawo asefedwe, makoko apite kwa nkhuku kapena kudzala. Wachiwiri ndi mchenga ndi phulusa zokwechera mapoto a pamoto wa nkhuni. Mchenga ndi wolemera, sutha kukwera popindika pa trap, umangodikha pomwepo. Mapoto otere akwechedwe m'beseni panja. Wachitatu ndi mafuta okazingira. Akazizira athiridwe m'botolo, ndipo chiwaya chipukutidwe ndi pepala chisanalowe m'madzi. Onjezanipo masamba a tiyi, mamba a nsomba ndi mpunga wotsala. Kasefa ka pabowo kamagwira zambiri mwa izi, ndipo ndi chinthu chotchipa kuposa china chilichonse pa ntchito yonseyi.

Madzi owira a mumphika musawakhuthule okha. PVC sinapangidwire madzi opitirira madigiri 60 kwa nthawi yaitali, choncho tsegulani mpopi wa madzi ozizira pothira.

Ikatsekeka, ndithire kositiki soda?

Asakhale woyamba. Tsekani kabowo kam'mbali ndi nsanza yonyowa, siyani madzi pang'ono m'sinki, popani ndi chopopera cha mphira. Zikakanika, ikani ndowa pansi, masulani trap, mukhuthule ndi kuitsuka. Ngati trap ndi yoyera, tsegulani chitsekero cha bendi ya panja mulowetse waya wopindika kunsonga. Nthawi zambiri vuto limathera apa.

Kositiki soda amawotcha khungu ndipo akhoza kuchititsa khungu m'maso. Akalephera kuboola, amakhala m'paipi kudikira munthu amene adzamasule trap. Ngati mwamuthira, muuzeni pulambala asanagwire chilichonse. Valani magolovesi ndi magalasi, thirani soda m'madzi ozizira pang'onopang'ono, osati madzi pa soda, ndipo musasakanize mankhwala a mitundu iwiri m'sinki. Jik akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya wa chlorine wotsamwitsa. Wotsala asungidwe kumene mwana sangafike, ndipo asaikidwe m'botolo la chakumwa.

Sinki yanga ndi ya mabeseni awiri, ndipo ndikufuna kulumikizaponso makina ochapira. Zitheka?

Zitheka. Mabeseni awiri amakumana pa kapaipi kamodzi n'kulowa mu trap imodzi. Zolumikizira zake zimagulitsidwa pamodzi. Makina ochapira akhoza kulowa pa kamphuno kapadera kamene trap zina zimakhala nako, koma paipi ya makinayo ikwere kaye mpaka kunsi kwa thebulo la sinki isanatsike, kuti madzi a mbale asabwerere m'zovala.

Ndi liti pamene ndiyenera kuitana pulambala, ndipo wabwino ndimudziwa bwanji?

Kusintha trap, kulumikiza sinki yotsamira khoma lakunja ndi kukumba soakaway yaing'ono, munthu wodekha akhoza kuchita yekha. Kulumikiza ku sewer kapena ku septic tank, kudutsa pansi pa simenti, ndi ntchito ya m'nyumba yosanjikiza zimafuna wodziwa, ndipo za sewer zimafunanso chilolezo cha amene amayang'anira mapaipiwo m'dera lanu. Ngati nyumba ndi ya lendi, musaboole khoma eni ake asanavomere.

Pepala la maphunziro a ntchito zamanja, monga la TEVETA, ndi chiyambi chabwino, koma mverani mafunso amene mmisiriyo akufunsa. Wodziwa ntchito amayamba wazungulira kuseri kwa nyumba kukaona kothera madzi, amabwera ndi levulo, ndipo mukamufunsa kuti paipi itsika masentimita angati amayankha ndi nambala. Mufunseninso kuti ikadzatsekeka mudzatsegula pati. Akanena kuti zonse azikwirira mu simenti kuti pakongole, musavomere mpaka asiye potsegulira pamalo pamene paipi yakhota. Gwirizanani mtengo wa zipangizo ndi wa ntchito padera, ndipo ndalama yomaliza ituluke sinki yodzaza itakhuthulidwa kawiri inu mukuona. Asanapite, akusonyezeni kamasulidwe ka trap ndi ka chitsekero cha panja, inu muyese ndi manja anu iye ali pompo.